Kukongoletsa gitala: penti, moto kapena chitenje?

Munthu wa ntchito za manja kuno ku Mchinji sakhala ndi ntchito imodzi. Yemwe lero akusoka mayunifolomu a ana a sukulu, mawa akulemba chikwangwani cha golosale pa Kamwendo, mkuja achinyamata a kwaya amubweretsera gitala kuti aikongoletse. Pa ntchito ya gitalayi amisiri amakonda njira zitatu: kupenta, kulemba ndi chitsulo cha moto, ndi kumata chitenje. Zonse zimaoneka bwino pa chithunzi cha pa WhatsApp, koma gitala ikayamba kulira m'pamene kusiyana kumadziwika.

Gitala yosalumikiza ku magetsi mawu ake amachokera pa thabwa la kutsogolo, lija lili ndi bowo. Thabwa limenelo ndi lopyapyala, mamilimita 2.5 mpaka 3 basi, ndipo nsambo zachitsulo zisanu ndi imodzi zikakungidwa zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70. Kuti mawu atuluke limayenera kunjenjemera momasuka, ndiye chilichonse cholemera chimene mungaunjikepo chimadya mawu. Kumsana ndi m'mbali vuto si lalikulu. Gitala ya magetsi ya thabwa lochindikala ndi nkhani ina, poti mawu ake amatoledwa ndi maginito. Imeneyo ipenteni mmene mtima wanu wafunira.

Penti ndiye amene ambiri amathamangira, chifukwa m'nyumba ya mmisiri simusowa kachitini kotsalira. Koma penti wa mafuta, uja timapaka zitseko ndi mawindo, ndi woipitsitsa pa gitala. Ndi wokhuthala, burashi imasiya mizere, ndipo amachedwa kuuma: mu Okutobala fumbi limamatirirapo, m'dzinja amakhala akunata kwa masiku. Penti wopopera ndi wabwinoko chifukwa amagona mopyapyala, bola mupopere pang'onopang'ono, kudikira kuti aume musanabwereze, ndipo mutseke bowo, khosi ndi kathabwa kogwira nsambo ndi tepi komanso nyuzipepala. Wojambula maluwa kapena dzina la kwaya amasangalala ndi penti wa acrylic, amene amasungunuka ndi madzi ndi kuuma msanga, kungoti amafuna vanishi pamwamba pake, apo ayi thukuta la mkono wa woimba limufufuta.

Penti aliyense sagwira pa gitala ya m'sitolo musanaikwechese. Vanishi wa kufakitale ndi woterera ngati galasi, ndiye muyenera kumupalasa pang'ono ndi sandipepa wosalala, nambala 320 kapena 400, kungochotsa kunyezimira. Apa dzanja lipepuke. Magitala ambiri otsika mtengo ndi a pulayiwudi, ndipo kathabwa kokongola ka pamwamba sikakwana ndi milimita imodzi yomwe. Mukalimbikira, mumatulukira pa guluu wa mkati, ndipo chigamba chimenecho sichibisika.

Kulemba ndi moto ine ndimakukonda kuposa zonse pa maonekedwe. Msomali wautali woika pa chogwirira cha mtengo, kuutenthetsa pa mbaula, kapena chitsulo chija okonza mawailesi amalumikizira mawaya, umajambula mizere yakuda yosasuluka, yosamatuka, ndipo suwonjezera kulemera ngakhale pang'ono. Tsoka lake, moto umafuna thabwa losapakidwa kanthu. Mukaugunditsa pa vanishi wa kufakitale mumangosungunula pulasitiki, utsi wake ndi woipa m'chifuwa, mzere umatuluka wamatuza. Choncho njira iyi isiyireni zoimbira zopanga tokha: khosi la banjo ya chigubu, mtengo wa babatoni, kapena gitala imene kalipentala wakupangirani isanapakidwe vanishi. Pa thabwa loyera ngati la malaina kapena paini zojambula zimaoneka patali. Pa mlombwa zimamira mu mtundu wa thabwalo. Ndipo dzanja likaphonya, palibe chofufutira.

Tsopano chitenje. Ife a ku Mchinji pa nkhani ya zitenje sitisowa: malire a Mwami ali pafupi, amayi a geni amapita ku Chipata n'kubwerako tsiku lomwelo, ndipo telala aliyense pa boma ali ndi thumba la zidutswa pansi pa makina. Gitala yomatidwa chitenje imakoka maso kuposa yopentedwa, ndipo siifuna luso lojambula. Koma pa njira zitatuzi iyi ndiyo imapha mawu kwambiri ikaikidwa kutsogolo, chifukwa nsalu ikamwa guluu n'kuuma imasanduka chikhungwa cholemera. Gitala imayamba kulira motsamwa, nsambo zazing'ono zija sizimvekanso kumbuyo kwa tchalitchi. Malo a chitenje ndi kumsana, m'mbali, ndi kumutu kumene kuli zokungira.

Ngakhale kumeneko pali zoyenera kutsata. Chitenje chichapidwe kaye kuti sitalichi ichoke ndi utoto wosagwira utuluke, kenako chisitidwe. Chikhale cha thonje, chifukwa chimamwa guluu; zija zoterera za poliyesitala zimamatuka m'mphepete. Kuti mudziwe, tenthani kaulusi kamodzi: thonje limanunkha ngati pepala n'kusiya phulusa, poliyesitala amasungunuka n'kupanga kampira kolimba. Guluu akhale woyera uja wa akalipentala, wothira timadzi pang'ono, wopakidwa pa malo okwechesa. Guluu wa nsapato amadutsa nsalu n'kusiya mawanga achikasu, komanso akagwira wagwira, simungakokenso nsalu kuti makwinya atuluke. Zikauma, dulani zotsalira ndi lezala latsopano, n'kupaka vanishi. Wa mafuta amadetsa mitundu ndi kuipatsa chikasu, moti chitenje cha buluu ndi choyera chimaoneka chakale tsiku lomwelo. Wa madzi amasiya mitundu mmene ilili.

Pali njira yachinayi imene ambiri saiwerengera, koma ndiyo ine ndimayamba kumuuza mwini gitala: osaikhudza gitalayo, kusoka zovala zake. Lamba wa chitenje wokolekera gitala paphewa, wa masentimita 5 m'lifupi, mkati mwake muli jinzi yakale ya pa kaunjika kuti asatamuke, kumapeto kuli zikopa zoboola, amaoneka kwa aliyense woimbayo akaimirira, pamene chitenje cha kumsana chimabisika pa mimba pake. Makina opondaponda a Singer kapena Butterfly amadutsa bwinobwino pa nsalu zimenezi mukaika singano nambala 16 kapena 18 ndi kutalikitsa msoko, ndipo magetsi akazima ntchito siima. Thumba la gitala la chitenje, loika siponji pakati, ndiye lofunika koposa kwa anthu amene chida chawo chimayenda pa kabaza kuchoka ku Kapiri kupita ku chinkhoswe cha kumudzi. Lamba akatha mumasoka wina, mwini akatopa ndi mtundu mumasintha, ndipo tsiku lofuna kugulitsa gitala mtengo wake sunagwe. Chenjezo limodzi lokha: pewani rekizini (chikopa chija cha pulasitiki) ndi mphira pa lamba ngati gitala ndi yakale kapena yodula, chifukwa ena mwa magitala amenewo amapakidwa vanishi wa nitrocellulose, amene amafewa akakhudzana ndi pulasitiki ya mtundu umenewo kwa nthawi yaitali.

Pa ndalama, moto umafuna makala basi, chitenje chimafuna zidutswa ndi guluu, penti wopopera ndiye amadya m'thumba chifukwa mtundu uliwonse ndi chitini chake kuwonjezera vanishi. Pa nthawi, kusoka kumatha tsiku limodzi, pamene penti ndi guluu zimafuna kudikira, makamaka mvula ikayamba.

Pali makasitomala ena amene muwafotokozere motani, amafunabe dzina la kwaya kutsogolo, kuti likaoneke pa vidiyo. Amenewo musakangane nawo. Lembani ndi acrylic, zilembo zazing'ono, chakumphepete, kutali ndi kathabwa kogwira nsambo chifukwa pamenepo m'pamene thabwa limanjenjemera kwambiri, ndipo vanishi apite pa zilembo pokha. Musanayambe, auzeni aimbe nyimbo imodzi muijambule pa foni, kuti pobwera kudzatenga gitala pasakhale mkangano woti mawu asintha.