Peni, jivi, ulusi kapena sizasi: kuzindikira ana a kalulu obadwa pamodzi

Kalulu wanga wamkazi wa mtundu wa New Zealand White ataswa ana 9 m'mwezi wa June kuno kwa Kamwendo, m'boma la Mchinji, ndinaona kuti mmodzi mwa anawo sakukhuta, chifukwa khungu la pamimba pake linali ndi makwinya pamene anzake anali ndi mimba zotukumuka ngati achule. Nditabwerera kukhola m'mawa mwake kuti ndimuonenso, ndinalephera kudziwa kuti anali uti, pakuti onse anali ofiirira, opanda ubweya, otseka maso, ataunjikana pansi pa ubweya umene mayi wawo anadzizula pachifuwa. Kuyambira pamenepo ndayesa njira zingapo zoikira chizindikiro, ndipo ndapeza kuti iliyonse ili ndi msinkhu wake.

Amene amaweta akalulu amawangamawanga ali ndi mwayi, chifukwa mtundu wa ubweya umaonekera kale pakhungu mwana akangobadwa: pamene pali pakuda padzamera ubweya wakuda, pamene pali pofiirira padzamera woyera. Kujambula mwana aliyense ndi foni, msana ndi nkhope, n'kokwanira. Njira imeneyi sithandiza pa New Zealand White, ndipo imanyenganso pa akalulu a mtundu wa Californian, amene amabadwa opanda kuda kwa pamphuno ndi m'makutu kumene timawadziwira akakula.

Kwa ana ofanana chonchi, mpikisano weniweni uli pakati pa peni ya maka ndi jivi, mankhwala ofiirira aja opaka pabala. Peni ndi yaukhondo, imauma nthawi yomweyo, ndipo imapezeka m'mitundu yosiyanasiyana m'sitolo zogulitsa makope. Masiku oyambirira makutu amakhala aang'ono kwambiri ndiponso omatirira kumutu, choncho ndimayamba kulemba pamwendo wakumbuyo, kenako n'kusamukira m'kati mwa khutu ubweya ukayamba kumera kumapeto kwa sabata yoyamba. Ndi mapeni awiri okha, lofiira ndi lobiriwira, khutu lililonse likhoza kukhala lofiira, lobiriwira kapena lopanda kanthu, ndipo makutu awiriwo akaphatikizidwa amapereka zizindikiro 9 zosiyana, zomwe zimakwanira ana ambiri amene kalulu amaswa nthawi imodzi. Vuto la peni ndi lakuti imafufutika pakadutsa masiku awiri kapena atatu chifukwa anawo amakhala akukhulana m'chisa, ndipo munthu akaiwala kubwereza tsiku limodzi lokha amapeza makutu onse ayera, ntchito yonse yapita pachabe.

Jivi amakhalitsa kuposa peni, ndipo kadontho kamodzi koikidwa ndi kamtengo ka machesi kamaoneka pafupifupi sabata yathunthu. Koma ali ndi mtundu umodzi wokha, kotero kusiyanitsa kumadalira malo amene mwapaka, ndipo amafunika kudikira kuti aume. Tsiku lina ndinafulumira kubwezera ana m'chisa asanaume, ndipo madzulo ake ana asanu anali ndi mawanga ofanana, ngakhale ubweya wa m'chisa unathimbirira. Kudikirako kulinso ndi ngozi yake m'nyengo yozizira ya June ndi July, chifukwa mwana wopanda ubweya amazizidwa msanga akachotsedwa pakati pa anzake. Ine ndimawaika onse m'beseni loyalidwa chitenje chakale, dzuwa litakwera, ndipo ntchito yonse siipitirira mphindi zisanu. Pa ziwirizi ndimasankha peni kwa ana a khola limodzi, koma jivi amapambana pamene mukusamutsa ana kuchoka kwa mayi amene waswa ambiri kupita kwa wina amene waswa ochepa m'masiku omwewo, chifukwa pamenepo chofunika n'kungodziwa alendo ndi eni khola, ndipo chizindikiro chimodzi chokhalitsa n'chokwanira.

Ambiri amaopa kuti mayi akamva fungo la munthu kapena la inki adzakana ana ake. Kalulu woweta amene anazolowera mwini wake sachita zimenezi kawirikawiri, ndipo kusaoneka kwake pachisa masana si kukana, pakuti amayamwitsa kamodzi kapena kawiri patsiku kwa mphindi zochepa, nthawi zambiri usiku kapena m'bandakucha. Komabe ndimayamba ndamupatsa kholowa kapena chisoso kuti atanganidwe, ndipo ndimapukuta manja ndi udzu wa m'khola lomwelo. Fungo limene ndimaliopa ndi la kyuteksi, amene ena amapaka pa zikhadabo za ana: amakhalitsa ndithu, koma amanunkha kwambiri, amachedwa kuuma, ndipo zikhadabo za mwana wa masiku atatu n'zazing'ono moti umathera kupaka phazi lonse.

Ulusi womanga pamwendo ndiwo ndikuukaniratu, ngakhale kuti ndi umene anthu amayamba kuuganizira poti timachita choncho ndi nkhuku. Mwana wa kalulu amabadwa wolemera magalamu pafupifupi 50 mpaka 60, ndipo kulemera kumeneku kumawirikiza kawiri m'sabata imodzi yokha, choncho ulusi umene unali wokhwepa Lolemba umakhala utalowa m'mnofu pofika Loweruka. Mnansi wanga wina anamanga ulusi wolukira majuzi, ndipo pamene amazindikira, phazi la mwana mmodzi linali litatupa ndi kuda, magazi osayendanso. Kudula khutu monga amachitira ndi nkhumba nakonso n'kosayenera, chifukwa khutu la kalulu lili ndi mitsempha yambiri ya magazi ndipo ndi limene limamuthandiza kutulutsa kutentha m'miyezi ya October ndi November.

Maso akatseguka, pakati pa tsiku la 10 ndi la 12, ndipo ana akayamba kutuluka m'chisa m'sabata yachitatu, amayamba kudzinyambita ndi kunyambitana, moti peni simakhalanso. Apa sizasi ndiyo imagwira ntchito: kumeta kachigawo kakang'ono ka ubweya paphewa lamanja, lamanzere, pamsana kapena pantchafu kumasiya chizindikiro chimene chimakhala milungu ingapo popanda mankhwala alionse. Lumo musaligwiritse ntchito, pakuti khungu la kalulu ndi lopyapyala ndipo silichedwa kung'ambika.

Chipangizo chodindira manambala m'khutu ndi singano ndi inki chimapereka chizindikiro chosafufutika moyo wonse, ndipo chimagwiritsidwa ntchito ana akasiya kuyamwa, pa milungu 6 mpaka 8. N'choyenera kwa amene amagulitsa akalulu a mbewu ndipo ayenera kudziwa bambo ndi mayi wa aliyense kuti apachibale asakwerane, koma kwa ife oweta akalulu a ndiwo zapakhomo ndi ochepa ogulitsa pamsika, mtengo wake ndi ululu wake sizikugwirizana ndi phindu. Pa msinkhu umenewo ine ndimakhala ndayamba kale kusiyanitsa amuna ndi akazi, pokanikiza pang'ono pansi pa mchira: wamwamuna amaonetsa kachubu kozungulira, wamkazi kampata kotalika kolunjika kumchira. Ndimalemba zimenezi m'kope pafupi ndi chizindikiro cha aliyense ndi kulemera kwake, ndipo asanakwane miyezi itatu amuna amakhala atasamukira m'khola lawo.