GrapheneOS ilibe mlandu, wogulitsa foni ndiye wandikwiyitsa

Nyenyezi ziwiri basi kwa wogulitsayu, ndipo ziwirizo n'chifukwa choti pamapeto pake anasintha foni. Pa malonda analemba kuti Pixel 8a yakeyo (foni ya Google) ndi yotsegula kale, yongofunika kuikamo GrapheneOS (pulogalamu yoyendetsa foni, yoteteza chinsinsi, imene imalowa m'malo mwa Android yobwera ndi foniyo), n'kukwezanso mtengo uja pa chifukwa chomwechi.

Foni itafika, zonse zinayenda monga mwa nthawi zonse: Settings, About phone, kudina Build number ka 7, kenako Developer options. Pa OEM unlocking m'pamene zinaima. Batani lake, limene limalola kutsegula bootloader (pulogalamu yoyambitsa foni, imene ikakhala yokhoma GrapheneOS singaikidwe), linali lotuwa, losadinika. Kulumikiza intaneti kuti foni itsimikize sikunasinthe kanthu. Foni kukhala yotsegula kuti izilandira SIM iliyonse sikutanthauza kuti bootloader yake imatseguka, ndipo munthu wogulitsa mafoni tsiku ndi tsiku sanganene kuti sakudziwa zimenezi. Ma Pixel ena amene anagulitsidwa kudzera ku makampani a netiweki a ku America amabwera bootloader itakhomedwa, ndipo palibe chingwe kapena kompyuta imene ingaitsegule. Atauzidwa, wogulitsayo anangoyankha kuti foni izimitsidwe n'kuyatsidwanso, ngati akulankhula ndi mwana. Kenako ankati vuto ndi GrapheneOS. Bodza limenelo! Pulogalamuyo inali isanakhudze n'komwe foniyo. Musanalipire munthu wotere, muuzeni akutumizireni kanema akudina yekha batani la OEM unlocking.

Foni yachiwiri inalibe vuto, ndipo apa mkwiyo unayamba kuphwa. Kuikamo n'kosavuta kudzera pa tsamba la GrapheneOS, bola mugwiritse ntchito Chrome, Edge kapena Brave. Firefox singathandize chifukwa ilibe WebUSB, njira imene tsambalo limalumikizirana ndi foni kudzera pa chingwe. Kompyuta ikhale ndi malo okwana 32GB. Ntchito ikaima pakati, kawirikawiri vuto limakhala chingwe, choncho pezani chabwino ndipo musachidutsitse pa USB hub (kachipangizo kochulukitsa malo olumikizira zingwe). Kutsegula bootloader kumafufuta zonse za mufoni, kuitsekanso kumafufutanso, ndiye sungani zithunzi kwina musanayambe. Koma musasiye kuitseka, chifukwa chitetezo chachikulu chagona pamenepo. Chenjezo lachikasu limene limaoneka poyatsa foni lisakuopseni, limabwera nthawi zonse.

Chimene chimakoma kwambiri n'chakuti pulogalamu iliyonse mungaimane intaneti poiika. Tochi kapena kalikuleta yofuna netiweki imangokhala duu. Storage Scopes imachititsa kuti pulogalamu ione mafoda okhawo amene mwasankha, Contact Scopes imachita chimodzimodzi ndi manambala a anthu. Google Play mutha kuiika, koma imakhala ngati pulogalamu wamba, yopanda mphamvu zapadera. Mukapanda kuiika, mauthenga a mapulogalamu ena amachedwa kulira. Foni ikakhala maola 18 osatsegulidwa imadzizimitsa n'kuyakanso yokha, kuti zonse zibwerere pa loko.

Zosowa zilipo. Kulipira pongogunditsa foni ndi Google Wallet iwalani, sikugwira. Mapulogalamu ena a mabanki amakana chifukwa cha Play Integrity, njira ya Google yofufuzira ngati foni ili ndi Android yovomerezedwa ndi Google. Amene amangotsekeka mukawatsegula nthawi zina amachira mukayatsa Exploit protection compatibility mode, koma wokana chifukwa cha Play Integrity sachira ndi njira imeneyi. Fufuzani za banki yanu musanafufute foni.

LineageOS, pulogalamu ina yoyendetsa foni ngati GrapheneOS, imalowa m'mafoni ambiri, zoona, koma pa mafoni ochuluka bootloader imatsala yotsegula. Kwa munthu wofuna chinsinsi chenicheni, GrapheneOS pa Pixel 8 kapena yatsopano kuposa pamenepo ndiyo yoyenera, poti mafoni amenewa amalandira zokonza za chitetezo kwa zaka 7. Wogulitsa uja ndamuwonjezera nyenyezi imodzi, zikhale zitatu, chifukwa foni yachiwiri inabwera ndi batire labwino. Koma mawu abodza aja pa malonda ake sanawachotsebe.