Feed ya ebonite kapena ya pulasitiki: zimene chisanu ndi zitunda za ku Dedza zaonetsa

Mapeni a inki amene tikunena pano akhala akulemba tsiku ndi tsiku kuno ku Dedza, kuyambira chisanu cha mu Juni mpaka dzuwa la mu Okutobala. Ena ndi a ku India, a feed ya ebonite (mphira wouma), othira inki m'thupi lonse la peni. Ena ndi a ku China ndi ku Ulaya, a feed ya pulasitiki, oyendera cartridge (kachubu kobwera ndi inki kale) kapena converter (kachubu kopopera inki m'botolo). Feed ndi kachidutswa kakuda kaja kamakhala kunsi kwa nibu, ndipo kamagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: kutsitsira inki kunsonga, ndi kulowetsa mpweya m'malo amene inkiyo yachoka. Anthu okonda mapeni amakonda kunena kuti ebonite ndiye weniweni, pulasitiki ndi yongotchipitsira mtengo. Mawu amenewa ndi oona mbali imodzi yokha, ndipo kwa munthu wa ku Dedza kapena ku Ntcheu mbali inayo ndi imene imadetsa thumba la malaya.

Ebonite ndi mphira wophikidwa ndi sulufule wambiri mpaka kuuma gwa. Nelson Goodyear ndiye analembetsa kapangidwe kake mu 1851, ndipo pamene Lewis Waterman ankalembetsa feed yake ya timing'alu mu 1884, mapeni ankapangidwa ndi mphira womwewu. Feed yotere amachita kuidula ndi kuisema kuchokera ku kandodo. Khungu lake silikhala losalala kwenikweni, choncho inki imagwirira ndi kufalikira yokha. Ya pulasitiki amaithira m'chikombole, imatuluka yosalala, nthawi zina ili ndi timafuta ta kufakitale. Ndi chifukwa chake peni yatsopano ya pulasitiki imatha kudumphadumpha polemba. Mankhwala ake ndi kapu ya madzi ofunda ndi dontho limodzi la sopo wotsukira mbale: popani madziwo kudzera mu feed kangapo, tsukuluzani ndi madzi oyera, muiumitse usiku wonse nibu itatsamira pa kansalu.

Masabata oyamba kusiyana kumaoneka ndi maso. Ebonite imatulutsa inki yambiri, mzere umakhala wonyowa ndi wakuda bwino, pomwe pulasitiki imaumira. Miyezi ikamapita mpatawo umachepa, chifukwa pulasitiki yotsukidwa ndi kukhalitsa mu inki imayamba kunyowa bwino. Pamene ebonite imapambanabe mpaka pano ndi pa nibu yaikulu kapena yofewa, yotseguka mukaidinikiza. Pamenepo feed ya pulasitiki imalephera kutumiza inki yokwanira, ndipo chilembo chimatuluka mizere iwiri yopyapyala, pakati pali mbee. Mapeni monga Noodler's Ahab amabwera ndi ebonite pa chifukwa chimenechi. Koma mphunzitsi wochonga makope a ana sakufuna inki yochuluka. Pepala la makope wamba limamwa inki, zilembo zimamera tiubweya, ndipo inki imatulukira kuseri. Pamenepo feed youmira, ngati ya Lamy Safari kapena ya Jinhao, ndiyo yoyenera. Amene ali kale ndi ya ebonite angachepetse vutoli ndi inki youmirapo ngati Pelikan 4001.

Nkhani yaikulu kuno ndi kulavula inki. Peni ikatha inki pang'ono, malo otsalawo mumakhala mpweya, ndipo mpweya umafufuma ukatenthedwa. M'mawa wa mu Julayi ku Dedza kumatha kuzizira mpaka madigiri 10 kapena kutsikirapo. Peni yagona patebulo usiku wonse, mwaitenga, dzanja laitenthetsa kufika pafupifupi madigiri 30. Kusintha kumeneku kumafufumitsa mpweya ndi magawo 7 pa 100 alionse. Peni ya mamililita 3 imene mwatsala mililita imodzi ya inki ili ndi mamililita 2 a mpweya, ndiye kuti mamililita 0.14 a inki akankhidwira kunja, pafupifupi madontho atatu. Madonthowo ayenera kupeza pokhala, apo ayi agwera pa kope.

Zitunda nazo zimachita chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe chigwa cha Golomoti ndi Mtakataka chili pafupi ndi msinkhu wa nyanja, mamita 500 kapena kuposerapo pang'ono. Munthu wokwera msewu wa Khwekhwerere kubwera ku Masasa ali ndi peni m'thumba, mpweya wa m'kati mwake umafufuma ndi gawo limodzi mwa magawo 7, chifukwa mpweya wa kunja ukupepuka. Pa peni yomwe ija, amenewo ndi madontho asanu kapena asanu ndi limodzi. Potsika palibe vuto, peni imangokoka mpweya. Vuto ndi pokwera.

Apa ndi pamene pulasitiki imawina, ndipo sikuti chifukwa cha pulasitikiyo ayi, koma kapangidwe kake. Chikombole chimatha kutulutsa timano tambirimbiri topyapyala, tothinana ngati ta chipeso, tina tobisika m'kati mogwirira. Inki yokankhidwa imakhala kaye m'timipata timeneti, kenako imabwerera kapena kutha polemba. Feed zambiri za ebonite za mapeni otchipa zili ndi ngalande imodzi yakuya ndi timano tochepa, totalikirana. Zilibe posungira. Onjezaninso kuti cartridge yaifupi imanyamula inki yosafika mililita imodzi, choncho mpweya wofufuma ndi wochepa kale. Feed ya ebonite yosemedwa mwaluso, ya timano tambiri, monga ya m'mapeni a Aurora, ndi nkhani ina, koma mtengo wake nawonso ndi wina.

Kulavulaku kumapeweka. Peni yothira m'thupi isatsike kupitirira theka. Idzazeni isanafike pamenepo. M'mawa wozizira igwireni m'dzanja mphindi imodzi kapena ziwiri nibu italoza kumwamba musanayambe kulemba, kuti mpweya wofufumawo utuluke wokha osakankha inki. Paulendo wokwera phiri ikhale chilili m'thumba la malaya, osati chogona m'chikwama. Pa mazinga a thupi lake pakani girisi wa silicone. Vaselini ayi, chifukwa mafuta a mtundu umenewo sagwirizana ndi mphira.

Ubwino wa ebonite umene sutha ndi wakuti imakonzeka pakhomo. Peni ikamadumpha kapena kudontha, yesani kulowetsa kapepala kopyapyala pakati pa nibu ndi feed. Kakalowa mosavuta, ndiye kuti ziwirizi zatalikirana. Chotsani inki yonse ndi kutsuka. Wiritsani madzi (kuno amawira pa madigiri pafupifupi 95 chifukwa cha phiri), athireni m'kapu, adikire mphindi zochepa kuti atsikire cha m'ma 80. Viikani nibu ndi feed zokha kwa masekondi 30, mogwirira musakhudze madzi. Tulutsani, finyani ziwirizo pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala mutakulunga kansalu, gwirani choncho masekondi ena 30 kufikira zitazirala. Kapepala kakakana kulowa, mwatha. Mukafinya kwambiri feed imakankha nibu m'mwamba ndi kutsegula mng'alu wake, peni n'kuyamba kukanda pepala. Bwerezani mofatsa, ebonite imalola. Kandulo kapena machesi musayerekeze, feed imapsa. Pulasitiki silola zotere: madzi ofunda sayifewetsa, ndipo kutentha kokwanira kuifewetsa kumapindanso timano take. Ngati pali mpata, ndi nibu imene imafunika kuwongola.

Ena amakulitsa ngalande ya ebonite ndi lezala kuti inki ichuluke. Zimatheka, koma chimene mwachotsa sichibwerera. Kokani lezala kamodzi, bwezerani, lembani tsamba lathunthu, kenako muone ngati pakufunika kubwereza.

Pa ukalamba, pulasitiki siisintha maonekedwe, koma timano take timathyoka mukaizula mokakamiza, makamaka inki itaumira m'kati. Iviikeni kaye usiku wonse. Ebonite ikakhala padzuwa kapena m'madzi nthawi yaitali imasanduka yofiirira, ndipo mukaipukuta imanunkha sulufule. Mtunduwo suononga kalembedwe. Chimene chimaononga ndi jiki ndi sipiriti, zomwe siziyenera kukhudza feed ya mtundu uliwonse, komanso inki ya chidindo kapena ya pulinta, imene imatseka timing'alu. Kutsuka kamodzi pamwezi n'kokwanira, ndipo kumene madzi a pamjigo ndi amchere, tsukuluzani komaliza ndi madzi a mvula osefa. Peni ikamauma nsonga itangokhala masiku awiri m'nyengo yotentha, musathamangire kuimba mlandu feed. Kawirikawiri ndi chivindikiro chimene chikulowetsa mpweya.

Kwa wolemba mu rejisitala, m'makope kapena m'buku la sitolo, komanso woyenda pakati pa Lizulu, Ntcheu ndi kuchigwa, feed ya pulasitiki ndi nibu yaing'ono sizivuta. Ebonite ndi ya munthu wokhala patebulo, wa pepala lolimba, wofuna mzere wonenepa ndipo sadandaula kudetsa zala. Amene akuganiza zosintha feed m'peni imene ali nayo ayeze kaye kunenepa kwake. Feed za nibu ya nambala 6 zimakhala pafupifupi mamilimita 6, koma zimasiyana pang'ono malinga ndi wopanga, ndipo kusiyana kochepako n'kokwanira kung'alula mogwirira kapena kudonthetsa inki. Peni ya cartridge imafunanso feed ya kamchira kolowa m'kamwa mwa cartridge, kamene feed zambiri za ebonite za mapeni othira m'thupi zilibe.