Nikon D3200 ya kaunjika patatha chaka: kamera ilibe mlandu, nkhani ili pa malenzi

Alamu anga a ku Lizulu anditumizira uthenga pa WhatsApp kuti apeza Nikon D3200 yotsika mtengo, ndipo wogulitsayo akuti awaikirapo lenzi ya 50mm pa ndalama yochepa. Akufunsa ngati atenge. Ndinayamba kuwayankha pa foni koma yankho linatalika, ndiye ndaona kuti ndingolemba zonse pano, poti kamera imeneyi ndi yomwe ndakhala ndikudyera kwa chaka ndi miyezi ingapo, ndipo mawu omwe akuuzidwa iwowo ndi omwe ndinauzidwa ine.

Ndimakhala pa Dedza boma. Mkati mwa sabata ndili ndi ntchito ina, koma Loweruka ndi Lamlungu ndimajambula zinkhoswe, maukwati, ubatizo ndi ana a sukulu ya mkaka atavala magauni awo. Kamerayi ndinaigula mu Lilongwe kwa mkulu wina yemwe amaoda zamagetsi zogwiritsidwapo kale ntchito ku Johannesburg. Ndinalipira K350,000 ya kamera ndi lenzi yake, kenako K90,000 ya lenzi yachiwiri.

Zomwe zikuyenda bwino sindichedwapo. D3200 inatuluka mu 2012, koma mamegapikiselo ake 24 akukwanirabe, chithunzi cha banja ndimachapitsa chachikulu chopachika pakhoma osasweka. Batire lake la EN-EL14 limandifikitsa kumapeto kwa mwambo ngati sindikutenga vidiyo, kupatula mu June ndi July pomwe kuzizira kwa kuno kumalidya msanga, ndiye lachiwiri ndimalisunga m'thumba la mkati mwa jekete. Ili ndi pobayira maikolofoni. Ndi yopepuka, khosi silidandaula. Lenzi yobwera nayo ija, AF-S 18-55mm, panja masana sindiipezera chifukwa.

M'nyumba ndi momwe 18-55 imagonja. Ukaikokera ku 55mm imangotseguka mpaka f/5.6 (nambala ya f ikakula, kuwala kolowa kumachepa), ndipo m'matchalitchi a kumudzi momwe mazenera ndi aang'ono, kunja kuli chifunga cha ku Bembeke chija, umasankha pakati pa chithunzi chodzadza timadontho ndi chithunzi chogwedezeka. Lenzi ya f/1.8 imalowetsa kuwala pafupifupi kakhumi kuposa f/5.6. Nchifukwa chake tsiku logula lija nditaona 50mm f/1.8 ili pa shelefu, mtima unadumpha. Ndinafunsa funso limodzi: kodi imagwira pa kamera iyi? Mkuluyo anaseka. "Achimwene, Nikon ndi Nikon. Lenzi iliyonse ya Nikon imalowa." Anaimanga, inalowadi. Anandiloza, kundijambula, kundionetsa pa sikirini: nkhope yanga ili bwinobwino, kumbuyo konse kwasungunuka mokongola. Dzanja lake lamanzere linali litagwira kutsogolo kwa lenzi nthawi yonseyi, akucheza nane za mpira. Fokasi anaipanga ndi zala, ndipo sananene.

Kulowa ndi kugwira ntchito ndi zinthu zosiyana pa Nikon. Pomangira lenzi pawo, potchedwa F, sipanasinthe kukula kuyambira 1959, ndiye malenzi ambiri a zaka zosiyanasiyana amalowa. Koma malenzi akale olembedwa AF kapena AF-D alibe kamota mkati. Amadalira kamota ka m'kamera, komwe kamazunguza kachitsulo kakang'ono kotuluka chakumunsi kwa pomangira lenzi, kachitsuloko nkukalowa m'kamng'alu ka kumbuyo kwa lenzi. Makamera ngati D90 ndi D7000 ali nako kachitsulo kameneka. A m'gulu la D3000 ndi D5000 onse alibe, anawapanga dala choncho kuti akhale opepuka ndi otchipa, ndipo buku la kamera limanena poyera kuti fokasi yodzipanga yokha imafuna lenzi yokhala ndi kamota kake, monga ya AF-S. Yomwe anandigulitsa ine ndi AF 50mm f/1.8D. Pali inanso, AF-S 50mm f/1.8G, yodulirapo, yomwe ikanagwira popanda vuto. Kusiyana kwake ndi timalemba tiwiri tomwe munthu wogula kamera koyamba sangaganize zotiwerenga, koma wogulitsa makamera tsiku ndi tsiku amatidziwa bwino lomwe.

Ndinazionera pa chinkhoswe china cha ku Linthipe. Mvula inawopseza, mwambo unasamukira mu holo ya sukulu, mdima ndithu. Ndinachotsa 18-55 nkumanga 50mm. Poyamba kamera inakana kujambula, ikulemba kuti nditseke mkombero wa manambala a f wa pa lenziyo pa 22. Ndinatseka. Nditakanikiza batani pang'ono kuyembekeza kaphokoso ka fokasi, zii. Nthawiyo nkuti ankhoswe atanyamuka kale, akuchimuna atanyamula tambala, akuchikazi thadzi, akuvina kuyandikirana kuti asinthane. Ndinayamba kupotoza mkombero ndi dzanja, diso lili pa kadontho kobiriwira ka m'munsi mwa kagalasi kosuzumirira, komwe kamayaka fokasi ikakhala pamalo. Kadonthoko kamayaka munthu akaima, koma wovina saima. Pa f/1.8, munthu ali pa mamita awiri, malo ooneka bwino ndi pafupifupi masentimita 12 okha kuchoka kutsogolo kufika kumbuyo. Ankhoswe akangoweramira kutsogolo pang'ono, basi atuluka. Madzulo nditayang'ana pa kompyuta, chithunzi chosinthana nkhuku chinatuluka motere: lipombo la tambala likuoneka mpaka timizere take, nkhope za ankhoswe onse awiri zili mwachimbuuzi. Nthawi ya perekani-perekani ndiye osanena, ndinabwerera ku 18-55 ndi kafulashi ka pamutu pa kamera, nkhope zonse mbee.

Mayi a mtsikana atabwera kudzatenga zithunzi anaziyang'ana mwakachetechete, kenako anati, "Bambo, nanga amalume akewa bwanji sakuoneka? Nkhukuyi ndiye mwaikonda." Ndinawachotsera gawo la mtengo. Sanakalipe, koma ukwati wa mwana wawoyo anaitana wina.

Sabata imeneyo ndikanalemba ndemanga, ikanakhala ya mkwiyo wokhawokha. Koma patapita nthawi 50mm ija inandidabwitsa. Chinthu chikakhala chosayenda, galasi lake ndi labwino kwambiri. Ndajambula nayo makapu ndi mbale za dothi zomwe Dedza imatchuka nazo, milu ya kachewere ndi kabichi ya m'mbali mwa msewu wa M1, agogo ena atakhala pa khonde, ndipo palibe chithunzi cha 18-55 chomwe chingayandikire. Ndikaika kamera pa miyendo yake itatu, nkuyatsa sikirini, nkukulitsa diso la munthu, fokasi ya dzanja imalondola kuposa mmene ndinkaganizira. Pa vidiyonso imathandiza, chifukwa siisakasaka yokha ngati mmene imachitira 18-55 ikasokonezeka. Akwati akamaliza mwambo, ndikawatengera pansi pa mitengo ya paini cha kuphiri kuti aime phee, ndimamanga yomweyi. Kungoti pa kamera za DX ngati iyi, zomwe sensa yake yolandira chithunzi ndi yocheperako, 50mm imaoneka ngati 75mm, chifukwa umachulukitsa ndi 1.5, ndiye m'chipinda chochezera cha nyumba wamba umabwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda khoma anthu atatu asanakwane.

Ndinabwererako kwa mkulu uja. Poyamba anati mwina ndaigwetsa. Nditamuonetsa pomangira lenzi kuti palibe kachitsulo, anasintha nyimbo: "Aaa bwana, akatswiri enieni amajambula ndi dzanja." Ndalama anakana kubweza. Anati tisinthane, nditenge lenzi yatsopanoko, AF-P 70-300mm, ndiwonjezere pang'ono. Yokokera patali ndinkaifunadi, ya ku mpira ndi ku magule komwe suloledwa kuyandikira. Ndinaimanga pompo, iye akuona. Palibe chinachitika. Ndinapotoza mkombero ndi dzanja, palibenso. Anati batire lafooka. Ndinaika lina lodzadza, chimodzimodzi.

Apa ndi pomwe D3200 ili pakati pa mitengo iwiri. Malenzi a AF-P anayamba kutuluka mu 2016, ndipo kamota kawo kamafuna kamera yodziwa kukalankhula nako. D3300 imatha ukaikonzera pulogalamu ya mkati, D3400 ndi D3500 zimatha, koma D3200, D3100 ndi D5100 ayi. Choipa kwambiri nchakuti pa AF-P ngakhale mkombero wa dzanja umadutsa m'magetsi, ndiye kamera ikapanda kuizindikira lenziyo, palibe njira iliyonse yopezera fokasi. Yakale ija bola, umapotoza nkupeza kanthu. Choncho mwini D3200 ayenera kuyang'ana malemba a AF-S basi. Za makampani ena nazo zilipo zokhala ndi kamota, Sigma amalemba HSM, ndipo Yongnuo ali ndi 50mm f/1.8 yotchipa ya Nikon, koma imeneyo sindinaigwirepo.

Mnzanga wina wa ku Ntcheu amagwiritsa Canon 1300D ndipo amandiseka. Kwawoko kuyambira 1987 kamota kamakhala mu lenzi, ndiye EF kapena EF-S iliyonse yodzipangira fokasi imagwira pa kamera zawo zoyambira, ndipo 50mm f/1.8 STM yawo siboola thumba. Pa nkhani ya malenzi a kaunjika, Canon savutitsa mutu, ndikuvomera. Koma nawonso ali ndi misampha yawo. Pa 4000D pomangira lenzi ndi pa pulasitiki, ndipo pokhazika fulashi palibe kachitsulo ka pakati kaja, moti mafulashi ena otchipa sayaka. Pazithunzi zenizeni, za iye ndi zanga tikaziyala pa tebulo kasitomala sangasiyanitse.

Mapeto ake ndinagula AF-S DX 35mm f/1.8G kwa wojambula wina yemwe amasamukira ku makamera atsopano opanda kalilole. Ndinakumana naye pa depoti, ndinaimanga, inalira kaphokoso kaja nthawi yomweyo, ndinamutumizira ndalama pa foni tili chiimire. Imeneyi ndiye yakhazikika pa kamera. Imaoneka ngati 52mm, yokwanira m'tchalitchi ndi m'nyumba momwe, ndipo ankhoswe angavine mmene angathere imawatsata. Kuyambira pamenepo sindinachotserenso munthu mtengo chifukwa cha chimbuuzi. Ilinso ndi tsogolo, poti malenzi a AF-S amapangabe fokasi pa makamera opanda kalilole a Nikon Z kudzera pa kolumikizira ka FTZ, pomwe a AF-D kumenekonso amafuna dzanja.

Ndiye alamu, yankho langa likudalira tsiku lomwe mwandipeza. Ndikatsegula zithunzi za 35mm ndimati D3200 ndi kamera yoti munthu woyamba angadyere zaka zambiri. Ndikatenga kope la ndalama ndimakhala chete. Kamera, 50mm yosayenda yokha, 35mm, batire lachiwiri, maulendo a minibasi opita ku Lilongwe kukakangana, ndi zomwe ndinachotsera mayi aja, zonse pamodzi zikanakwana D7000 yomwe inali pa shelefu yomweyo tsiku lija. Imeneyo ndi ya 2010 ndipo mamegapikiselo ake ndi 16 okha, koma ili ndi kachitsulo kaja ndi malo awiri a memori khadi, moti 50mm yotchipayo ikanagwira pompo. Ngati mukutengabe D3200, tengani ndi 18-55 yolembedwa AF-S, ya 50mm ija ikanidwe pokhapokha itathera ndi G. Muimange nokha, manja a wogulitsa akhale kutali, muloze chinthu chapafupi kenako chakutali, mumve ngati ikulira.

Mkulu uja pomaliza anavomera kuitenganso 50mm, koma pa K45,000, theka la zomwe ndinamupatsa. Pa shelefu yake panali ina yofanana nayo ndendende, atailemba mtengo woposa womwe ndinagulira ine. Nditafunsa anati dola yakwera. Ndinamuuza kuti ngati dola yakwera, yakweranso pa yangayi. Sitinamvane, lenzi ndinabwerera nayo ku Dedza ndipo ndikuigwiritsabe pa akwati oima phee. Chitsekerero cha kumbuyo kwake chomwe analonjeza tsiku logula sananditumizirebe, ndimaikulunga m'sokosi.