Ana a Cockatiel: Kuwasiyira Makolo Kapena Kuwadyetsa Pamanja?

Cockatiel, mbalame yochokera ku Australia, imaikira mazira anayi mpaka asanu ndi awiri modumphitsa tsiku, ndipo amaswa pakatha masiku 18 mpaka 21. Akaswa, woweta ayenera kusankha wolera anawo.

Kuwasiyira makolo ndiyo njira imene ndimaikhulupirira kwambiri. Yaimuna ndi yaikazi, zimene zimasinthana pofungatira, yaimuna masana ndipo yaikazi usiku, zimathandizananso kubzikula chakudya ndi kuchiika m'kamwa mwa ana. Udindo wanu ndi kuzipatsa dzira lophika, masamba, madzi aukhondo ndi bata, popeza kusuzumira m'bokosi pafupipafupi kungazinyanyalitse. Vuto lake n'lakuti anawo amakula akuopako anthu.

Kudyetsa pamanja kumapereka mbalame yozolowera anthu, yotera paphewa mosaopa, koma ntchito yake ndi yolemetsa. Phala lapadera liyenera kufunda pafupifupi madigiri 40, chifukwa likatentha kwambiri limawotcha chithokomiro, likazizira silipukusika bwino, ndipo dontho lolowera njira ya mpweya lingaphe kamwana kamene kanali kukuyasamulirani kukamwa. Wongoyamba kumene asayese njirayi, pokhapokha makolo atawataya anawo kapena atayamba kuwazula nthenga.