Ounika zolemba a pa boma la Mangochi: pamene uyenera kuwamvera ndi pamene uyenera kuwakanira

Pa boma la Mangochi, kamtunda pang'ono kuchokera pa chipilala cha wotchi chija, pali aphunzitsi atatu opuma pantchito, abambo awiri ndi mayi mmodzi, amene amalandira zolemba za anthu n'kuziunika zisanapite kosindikiza. Amalandira nthano zazitali, nkhani zazifupi, ndakatulo ndi masewero a pawailesi, zambiri za m'Chichewa. Ndalama imene mlembi amalipira kumeneku sipita pachabe. Komabe chimene amagula si kukonzeredwa buku ayi. Amagula maso a mlendo, pamodzi ndi ndondomeko yomuthandiza kupirira zimene masowo aona.

Zofuna zawo polandira ntchito n'zokhwima, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chake. Zolembazo zikhale zotayipa pa pepala la A4, mbali imodzi yokha, zilembo za saizi 12, mizere yotalikirana kawiri, ndipo kumanzere ndi kumanja kutsale mpata wa masentimita 3 woti iwo azilembamo. Tsamba lotere limatenga mawu pafupifupi 250, choncho nkhani yaifupi ya mawu 1,500 ndi masamba 6, pamene nthano yaitali ya mawu 40,000 ndi masamba 160. Masambawo akhale ndi manambala, osamata, ongomanga ndi labala. Zithunzi za kope lolemba pamanja zotumiza pa WhatsApp amazikana. Dzina la mlembi lilembedwe pa envulopu pokha, osati pa masamba, chifukwa kuno anthu amadziwana: wowerenga akazindikira kuti nkhaniyi ndi ya mwana wa shehe wakutiwakuti kapena ya mkamwini wa akatekisiti, pensulo yake imayamba ulemu, ndipo ulemu woterowo suthandiza buku.

Asanalandire envulopu amafunsa funso limodzi: “Munamaliza liti kulemba?” Ngati sipanathe masabata 6, amakubwezera kuti ukaisunge kaye. Ambiri amaona ngati n'kuwanyoza, koma pa zonse zimene anthuwa amachita, ichi ndiye chanzeru kwambiri. Mlembi amene wangomaliza kumene sawerenga zimene zili papepala, amawerenga zimene zili m'mutu mwake. Pamene ndime yadumpha mfundo, mutu wake umakwiriramo wokha. Amakumbukiranso usiku umene anaulemba mutu wachitatu pa nyali ya foni magetsi atazima, ndiye wina akati mutuwo ndi wosafunika, iye amamva ngati akuti usikuwo unali wosafunika. Pakapita mwezi ndi theka, thukuta lija limakhala litauma ndipo mawu amayamba kuoneka monga mawu basi.

Nthano yaitali amakhala nayo masabata 3. Amawerenga anthu awiri, aliyense payekha ndi mulu wakewake wa mapepala, osakambirana mpaka onse atamaliza. Wachitatu sawerenga n'komwe. Ntchito yake ndi kudzatsogolera zokambirana tsiku lokumana. Amalemba ndi pensulo, osati cholembera chofiira, poti aliyense amene anadutsa m'kalasi akaona inki yofiira amayamba kufufuza ngati wakhoza kapena walakwa. Zizindikiro zawo ndi zitatu. Mzere wowongoka m'mbali mwa ndime ukutanthauza kuti apa ndinakhulupirira. Mzere wokhotakhota ukutanthauza kuti apa ndinasochera kapena ndinatopa. Kuzunguliza mawu kukutanthauza kuti ichi si choona kapena chikutsutsana ndi tsamba lina. Za mipumiro, mipatuliro ndi masipelo sazikhudza pa ulendo woyambawu, ndipo akulondola: palibe phindu kuzira nyumba imene khoma lake ligwetsedwe mawa.

Pamodzi ndi mapepalawo mlembi amalandira kalata ya masamba awiri kapena atatu. Ndime yake yoyamba siyamikira kapena kudzudzula, imangofotokoza nkhani imene iwo aiwerenga, m'mawu awoawo. Apa ndi pamene ambiri amatuluka thukuta. Munthu ankati walemba za mtsikana wa ku Makanjira wokana ukwati kuti apitirize sukulu, koma owerenga onse awiri akunena kuti awerenga za amalume ake a mtsikanayo, poti ndiwo akulankhula pa tsamba lililonse pamene mwini nkhani wangokhala chete. Ndi zotere palibe chotsutsana nacho. Kenaka kalatayo imatchula mavuto aakulu osaposa atatu, ngakhale atakhalapo khumi. Mlembi wopatsidwa mavuto khumi nthawi imodzi sakonza ngakhale limodzi, amangotsekera buku m'sutikesi.

Ukalandira kalatayo, sakulola kuwaimbira kapena kuwalembera kwa masiku 7. Lamuloli anaika chifukwa akudziwa mmene mtima wa mlembi umayendera. Tsiku loyamba ndi la mkwiyo: sanamvetse, ndi okalamba, ali ndi kaduka. Ndi tsiku limene munthu amalemba uthenga wautali wodziteteza umene pambuyo pake amachita nawo manyazi. Pofika lachitatu mkwiyo umasanduka kudzikayikira, ndipo apa ndi poopsa kwambiri chifukwa ndi pamene ena amafufuta fayilo yonse kapena kung'amba mitu imene inalibe vuto. Chakumapeto kwa sabata, akaitenganso kalata ija, amapeza kuti ndi yofatsa kuposa mmene amaikumbukirira, ndiponso kuti munali mawu oyamikira amene sanawaone n'komwe. Njira yabwino ndi kuiwerenga kamodzi, kuiika kutali, osakhudza nkhaniyo sabata yonse. Ukadzayamba kukonza, sunga kaye fayilo yakale pa dzina lokhala ndi deti, ndipo utsegule fayilo ina yosungiramo ndime zimene wachotsa. Dzanja silinjenjemera podula likadziwa kuti chodulidwacho chikupita m'nkhokwe, osati kudzala.

Kukumana kwake kumatenga ola limodzi ndi theka, pakhonde, mapepala atapanikizidwa ndi mwala kuopa mphepo yochokera ku Shire. Mphindi 30 zoyamba mlembi saloledwa kulankhula, amangolemba zimene akumva. Akayamba zoti “apa ndimatanthauza kuti”, wotsogolera amamudula mofatsa: “Achimwene, buku likadzafika ku Namwera inu simudzakhalako kuti mumufotokozere wowerenga.” Mawuwa ndi oona. Zonse zimene mlembi akufuna kuonjeza ndi pakamwa ndi zomwezo zimene zikusowa papepala, choncho ndi bwino kuzilemba pambali m'malo mozitaya m'makutu mwa anthu atatu. Mwambo woti alembi aziunikirana ntchito maso ndi maso si wachilendo m'dziko muno. Gulu la alembi la ku Chancellor College linkachita zimenezi kuyambira mu 1970, kolejiyo isanasamukire ku Zomba. Chimene aphunzitsiwa awonjezapo ndi kukhala chete kwa mwini nkhani, ndipo kumathandiza makamaka alembi achinyamata amene akanangovomera chilichonse poopa kutsutsa akuluakulu, kapena kukana chilichonse poopa kuoneka opepera.

Malo amene mlembi amakakamira kwambiri amadziwika. Oyamba ndi pamene nkhani yatengedwa pa moyo wake. Akauzidwa kuti chochitika china n'chosakhulupirika, amayankha kuti “komatu zinachitikadi”, kuiwala kuti wowerenga kunalibeko ndipo ali ndi tsamba lokha. Mpangankhani amene ndi chithunzi cha mayi ake omwe anamwalira amatuluka wopanda banga, sakwiya, salakwa, ndipo pa chifukwa chomwecho sakhala munthu. Ounikawa pamalo potere amayenda mosamala: sanena kuti mayiyu ndi wosakoma, amafunsa kuti kodi analakwirapo ndani pa moyo wake. Ena ndi mutu woyamba, umene kawirikawiri unalembedwa mlembi asanaidziwe nkhani yake, masamba 12 ofotokoza mudzi, mitengo ndi mibadwo ya mafumu munthu asanatsegule pakamwa. Enanso ndi chiganizo chokoma chimene chikunama.

Chitsanzo cha chomalizachi ndi tsamba la nkhani ya asodzi limene lili ndi mzere wozunguliza mawu akuti “mwezi wathunthu”. Mlembi anajambula bwino ndithu: mwezi uli mbee pamadzi, siginala, msodzi wokopa nsomba ndi kuwala, wayatsa nyali m'bwato lake, khoka la chilimira likutuluka lodzaza ndi usipa. M'mphepete munalembedwa ndi pensulo kuti usipa umatsata nyali kukakhala mdima, mwezi ukawala chotere nyaliyo ilibe mphamvu ndipo ambiri sapita n'komwe panyanja. Munthu wa ku Lilongwe akhoza kudutsapo osaona kanthu, koma wa ku Malindi kapena ku Monkey Bay atseka buku pomwepo. Ounikawo sanalamule kuti mwezi uchoke. Analemba kuti asankhe chimodzi, mwezi kapena nsomba. Mlembi wanzeru akhoza kusunga mwezi wake n'kuwabweza asodziwo chimanjamanja, ndipo nkhaniyo n'kulemera kuposa kale. Pa zinthu za kunyanja, nyengo ya mwera, mitundu ya makoka, kusiyana kwa nyanja yaikulu ndi Malombe, anthuwa ndi odalirika kwambiri.

Pali malo awiri pamene sayenera kumveredwa msanga. Oyamba ndi chilankhulo cha ampangankhani. Aphunzitsiwa anakulira m'malamulo a kalembedwe a Chichewa Board, amene anatuluka mu 1973 n'kukonzedwanso mu 1980 ndi 1990, ntchitoyo isanapite ku Centre for Language Studies ku Zomba. Malamulowo amawadziwa bwino, monga loti r amalembedwa pambuyo pa i ndi e, l m'malo ena onse, ndipo pa mawu a wofotokoza nkhani thandizo lawo ndi lalikulu. Vuto ndi loti dzanja lawo limalowanso m'kati mwa mitengero. Agogo a kwa Mponda akati “sikomo”, iwo amazunguliza kuti pakhale “zikomo”. “Che” wa patsogolo pa dzina amafuna asanduke “bambo”. Mawu akuti “alovi” amawasintha kukhala “asodzi”, chonsecho alovi ndi anthu ogwira ntchito pa khoka la mwini wake, ndipo nkhani yonse mwina yagona pa kusiyana kumeneko. Ukawamvera pa zonsezi, anthu a m'boma lino, kumene Chiyao chimamveka pamsika ndi padoko paliponse, amatuluka akulankhula ngati owerenga nkhani pawailesi. N'zodandaulitsa kuti izi zikuchitikira pa Mangochi penipeni. Podziteteza, ika pamwamba pa mulu wako tsamba limodzi la mawu amene wawalemba dala, ndi tanthauzo lake. Akaliona tsambalo amalilemekeza.

Achiwiri ndi mathero. Pokhala aphunzitsi, amakonda nkhani yothera pa phunziro: wakuba agwidwe, wachiwerewere adwale, mwana womvera apeze ntchito. Apa mlembi asiyanitse zinthu ziwiri zimene zimabwera m'chiganizo chimodzi. Akati “mathero sakukhutiritsa, bwanji apolisi amugwire”, theka loyamba ndi umboni wa wowerenga ndipo ndi lofunika kulikhulupirira. Pali chinachake chimene nkhaniyo inalonjeza koma sinapereke. Theka lachiwiri ndi mankhwala awo, ndipo mankhwalawo ndi a buku limene iwo akanalemba. Nthawi zambiri vuto la mathero silikhala kumathero, limakhala masamba 40 m'mbuyo pamene panafunika kubzala mbewu. Ubwino wa kuwerenga kwawo payekhapayekha umaonekera pomwepa. Yala milu iwiriyo pamphasa, tsamba ndi tsamba linzake. Pamene onse awiri aika mzere wokhotakhota pa ndime imodzi osauzana, konza, ngakhale ndimeyo uikonde chotani. Pamene wadandaula mmodzi yekha, mwina ndi kukonda kwake chabe; ikapo chizindikiro, udzaonenso pakatha mwezi. Pamene wina waika wowongoka wina wokhotakhota, kawirikawiri ndiye pali moyo wa bukulo, ndipo usafulumire kupasalaza.

Pa ndakatulo mphamvu zawo n'zochepa. Amaziwerenga chamumtima, ndiye ndakatulo yolembedwera kulakatula pagulu amaidula kubwereza kumene kumaipatsa ng'oma yake. Mlakatuli apemphe kuti aiwerenge mokweza tsiku lokumana, apo ayi apite kwa alakatuli anzake.

Malipiro amawerengera pa tsamba, theka popereka, theka potenga kalata, pamanja kapena pa Airtel Money ndi Mpamba. Kusindikiza milu iwiriyo ndi kwa mlembi, ndipo pa nthano ya masamba 160 ndiye kuti mapepala 320, kuposa theka la rimu. Kwa oopa kuberedwa nkhani, lamulo la dziko lino la 2016 loteteza ntchito zaluso limateteza zolemba kuyambira pamene zalembedwa, ndipo bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso la COSOMA lilipo kuyambira 1992 lothandiza pa zotere. Aphunzitsiwa amapereka risiti yolembapo mutu wa nkhani, kuchuluka kwa masamba ndi deti. Nthawi zina amaiwala, choncho uikumbutse usanachoke.

Amene walipira kale kosindikiza, kapena walengeza kale pa Facebook tsiku lokhazikitsa buku, asapiteko, chifukwa adzamva zoona pa nthawi imene sangathenso kuchitapo kanthu, ndipo adzangodana nawo anthu osalakwa. Amene wapita pa nthawi yake ali ndi miyezi 3 yoti abwerenso ndi ntchito yokonzedwa, pa theka la mtengo. Pa ulendo wachiwiriwu amayang'ana mavuto atatu aja kaye, kenaka ndiye masipelo ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Mlembi amabwera ndi mulu wakale n'kuuika pambali pa watsopano, chifukwa cholakwika chimene ounikawo amachipeza kawirikawiri si cha mlembi wokana kusintha, koma cha amene pofuna kuwasangalatsa wasintha ndi ndime zomwe zinali ndi mzere wowongoka. Zikatero amamutsegulitsa fayilo ya nkhokwe ija kuti azibwezeretse.