Mswachi kapena mankhwala ochukucha m'kamwa

Anthu ena amagula mankhwala ochukucha m'kamwa poganiza kuti angalowe m'malo mwa mswachi, pamene zinthu ziwirizi sizigwira ntchito imodzi. Chimene chimawononga mano ndi nkhama ndi litsiro lomata la mabakiteriya limene limayanga m'mphepete mwa nkhama, ndipo litsiroli limachoka pokhapokha likakwechedwa. Mswachi wofewa wopaka mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride (mchere wolimbitsa mano), ukagwiritsidwa ntchito kwa mphindi 2 kawiri pa tsiku, umachotsa litsiroli lisanaume n'kukhala chikhakha cholimba chimene dokotala wa mano yekha ndiye angachipale.

Phindu la kutsuka mano silithera m'kamwa mokha. Nkhama zikatupa n'kumatuluka magazi, mabakiteriya amapeza njira yolowera m'magazi, ndipo mwa munthu amene mavavu (tizitseko toyendetsa magazi) a mtima wake ndi owonongeka kale angathe kuyambitsa matenda oopsa a mkati mwa mtima. Kwa odwala shuga, matenda a nkhama amachititsa kuti shuga avute kutsika, pomwe shuga wokwerayo amakulitsanso matenda a nkhamawo.

Mankhwala ochukucha ali ndi malo ake ndithu, makamaka pamene dokotala wachita opaleshoni m'kamwa ndipo kutsuka pamalopo kukupweteka. Okhala ndi chlorhexidine amapha mabakiteriya bwino, koma akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amadetsa mano ndiponso amasokoneza kakomedwe ka chakudya. Ena ogulitsidwa m'masitolo amangobisa fungo kwa kanthawi, zimene zingachedwetse munthu wodwala nkhama kukaonana ndi dokotala.